Bwato Lobwereka ndi Tchuthi cha pa Madzi

Sukulu zikayandikira kutsekera, m'makomo ambiri mumabuka funso limodzi: kodi ana akathera kuti tchuthi? Kale yankho silinkavuta. Mwana ankapita kwa agogo kukathandiza kuthyola nandolo ndi kuweta mbuzi, nabwerako atanenepa. Ana a lero ali ndi maso aatali. Amaona pa mafoni zithunzi za abale amene ali ku Britain atakwera ngalawa yaitali yopakidwa utoto wobiriwira, bambo atagwira tsigiro, mayi akutereka tiyi m'kati, ana akuponyera abakha nyenyeswa za buledi, mwini ngalawayo osaoneka. Aibwereka kwa mlungu wathunthu, akuyendetsa okha, ndipo usiku akugona momwemo. Tsono achinyamata a kuno ku Phalombe, amene nyanja ya Chilwa ili pakhomo pawo, ayamba kufunsa kuti, "Nanga ife tilekeranji kusonkherana ndalama, kutsikira ku Swang'oma, kubwereka bwato ndi kukapalasa tokha?" Makolo akamva mawu amenewa mitima imangoti myuu.

Funsoli ndi labwino, ndipo sitifuna kuliyankha ndi "ayi" wouma. Tonse tidziwa kuti "ayi" wopanda chifukwa ndiye amatumiza mwana kunyanja mozemba, atanama kuti akukacheza kwa mnzake ku Migowi. Ndi bwino tiyambe taona chimene abale athu akunjawo amachita, ndi chifukwa chake kumeneko amalola munthu amene sanagwirepo tsigiro chibadwire kuyendetsa ngalawa yachitsulo ana ake ali momwemo.

Madzi amene iwo amayendamo ndi ngalande zikuluzikulu zokumba anthu, ndipo sanazikumbire masewera. M'chaka cha 1761 anatsegula ngalande ya Bridgewater kuti malasha a ku migodi ya ku Worsley azifika mosavuta mumzinda wa Manchester, ndipo mtengo wa malashawo unatsika ndi theka. Ataona phindu lake, anthu achuma anakumba ngalande zina zambiri zolumikiza mizinda, migodi ndi madoko. Ngalawa za masiku amenewo zinalibe injini. Kavalo ankayenda m'kanjira ka m'mbali mwa ngalande akukoka chingwe, ndipo mmodzi yekha ankakoka katundu amene pa msewu akadafuna akavalo ambirimbiri. Sitima za pamtunda zitabwera zinalanda malondawo pang'onopang'ono, ngalande zambiri nizidzala matope ndi zinyalala. M'chaka cha 1946 anthu okonda madziwo anayambitsa bungwe la Inland Waterways Association, nayamba kuchonderera boma kuti lisatseke ngalandezo. Ena anafukula okha zimene zinakwiririka, pa masiku awo opuma. Chiyambire 2012 bungwe la Canal & River Trust ndilo limasamala ngalande ndi mitsinje yokwana mamailosi pafupifupi 2,000 ku England ndi ku Wales.

Ngalawa imene mabanja amabwerekayo Angerezi amaitcha narrowboat, kunena kuwonda kwake. M'lifupi ndi mamita 2 okha, pamene m'litali ina imafika mamita 21. M'kati muli mabedi, pophikira ndi chimbudzi. Wobwereka safunsidwa chiphaso cha uyendetsi, ndipo apa ndi pamene achinyamata athu amatsamira akamatsutsana ndi makolo. Koma taonani zimene zazinga ufulu umenewo. Lamulo sililola kupitirira mamailosi 4 pa ola, liwiro limene munthu woyenda ndawala m'kanjira ka kavalo kaja amatha kulingana nalo. Ngalandeyo ndi yosaya, kotero kuti m'malo ambiri munthu wamkulu akagweramo amangoimirira madzi nalekeza m'chiuno kapena pachifuwa. Ndi yopapatiza, choncho mphepo ilibe bwalo lokwezera mafunde, ndipo mtunda uli pafupi kumanja ndi kumanzere tsiku lonse. Kusokera n'kovuta, pakuti njira ndi yomweyo, milatho yake ili ndi manambala. Asananyamuke, wantchito wa eni ngalawa amawaphunzitsa kaye, nayenda nawo kamtunda pang'ono. Amawaonetsa kuti tsigiro ukalikankhira kumanja ngalawa imapita kumanzere, ndi kuti ngalawa ilibe mabuleki, kuimitsa kwake n'kubweza injini m'mbuyo nthawi ikadalipo. Ngalawayo inapimidwa ndi akatswiri, ili ndi inshuwalansi, ana amapatsidwa majekete oyandamitsa, ndipo eni ake salola kuyenda kukada.

Madzi sakwera phiri. Nanga ngalawa imakwera bwanji? Pamene dziko layamba chitunda anamanga chipinda cha njerwa chopanda denga, chokhala ndi zitseko zolemera zamatabwa kutsogolo ndi kumbuyo, amachitcha lock. Ngalawa ikalowa amatseka zitseko za kumbuyo, natsegula timazenera ta mbali ya kumtunda popukusa chitsulo. Madzi amalowa, chipinda chimadzala, ngalawa imakwera nawo kufikira italingana ndi madzi a kutsogolo, ndipo pamenepo zitseko zimalola kutseguka munthu akazikankha ndi msana. Kutsika n'chimodzimodzi, mobwerera. Obwerekawo amagwira okha ntchito yonseyi, ndipo pali malo ena, monga ku Tardebigge kufupi ndi Birmingham, kumene zipinda zotere zilipo 30 zondondozana, banja limafika pamwamba mikono italema ngati lachokera kolima. Ngozi zimene zimachitika pa ngalandezi zimakonda malo omwewa. Pansi pa zitseko za kumtunda pali chiwundo chonga sitepe. Madzi akamatsika, kumbuyo kwa ngalawa kukakodwa pamenepo woyendetsa ali kucheza, mutu umaloza pansi, madzi nalowa, ngalawa n'kumira m'mphindi zochepa. Anthu anafapo motero. Ngakhale m'madzi oweta ngati amenewa, maso a woyendetsa saloledwa kugona. Ku Scotland nako, ngalande ya Caledonian imene anaitsegula mu 1822 imadutsa m'nyanja yakuya ya Loch Ness, ndipo kumeneko obwereka amalangizidwa kukhala chikochezere mphepo ikakula.

Tsono tibwere kwathu. Kodi ngalande zoyendamo mabwato tili nazo? Tili nazo ndithu, ngakhale palibe analembapo manambala. Nyanja ya Chilwa, yachiwiri kukula m'dziko muno, yagona m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo chakum'mawa yayandikana ndi Mozambique. Aphunzitsi a University of Malawi amene anaifufuza kwa zaka zambiri, nalemba buku lake lotuluka mu 1979, anapeza kuti madzi oyera oonekera ndi gawo limodzi chabe la chigwa chonsecho. Kozungulira kuli dambo lalikulu la njedza, ndipo kunja kwake kuli madambo osefukira m'dzinja. Munthu wochokera kumtunda safika pa nyanja yeniyeni asanapyole njedzazo. N'chifukwa chake asodzi amatema tinjira ndi zikwanje pakati pa njedza, ndipo madzi akamathawa amatikumba ndi makasu kuti mabwato adutsebe. Zimenezi ndizo ngalande zathu. M'mamawa madzi ake amakhala bata ngati a m'mtsuko, akakowa ataima uku ndi uku, ndipo sitikumuimba mlandu mnyamata amene amaziona nayesa kuti ulendo wonse ndi wotero.

Nyanja imeneyi ili ndi khalidwe lakelake. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Namadzi, Thondwe, Likangala ndi Domasi imathiramo madzi, koma palibe mtsinje wotulukamo. Madzi amachoka ndi dzuwa basi, ndipo ndicho chifukwa chake ali ndi kamchere kamene David Livingstone anakamva atafikako mu Epulo 1859. Kuya kwake m'malo ambiri sikupitirira mamita awiri kapena atatu. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa: inatero mu 1968 ndi mu 1995, inachepa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 mabwato anagona pa nthaka yong'aluka anthu akuyenda pansi pamene kale ankapalasa. Mvula ya Malichi 2019 inaibweza, ndipo namondwe wa Freddy, amene anatiliza ife a ku Phalombe mu Malichi 2023, anaidzaza mpaka kumiza malo amene anali ouma. Tanthauzo lake n'lakuti doko limene mkulu wako anakwererapo zaka zisanu zapitazo mwina lero lili pansi pa madzi kapena lili kutali ndi madzi. Mapu a Chilwa ali m'mitu ya anthu amene amayendapo mlungu uliwonse.

Achinyamata ena amati, "Poti ndi yosaya, choopsa n'chiyani?" Kusayako ndiko kumanyenga. Mamita awiri ndi okwanira kumiza munthu aliyense wa m'mudzi mwathu, ndipo pansi pake si mchenga wolimba wopondapo. Ndi thope lofewa limene limagwira mwendo munthu akafuna kudzikankha kuti atumphuke. Madziwo ndi otuwa ndi matope, kotero kuti womira saoneka ngakhale ali pafupi ndi bwato. Kuwonjezera apo, nyanja yotakata koma yosaya siichedwa kukwiya. Mphepo ikawomba imakweza mafunde aafupiafupi, othinana, amene amamenya bwato motsatizana osalipatsa mpata wodzuka. Tchuthi chachikulu cha sukulu chimagwa mu Julayi ndi Ogasiti, miyezi ya mwera, ndipo cha Khirisimasi chimagwa m'nyengo ya mabingu ndi ziphaliwali. Kawirikawiri m'mawa kumacha bwino, mphepo n'kudzuka masana, nthawi yomwe alendo atopa ndipo ayamba kuganiza zobwerera.

Kubwererako nakonso kuli ndi msampha wake, umene mlendo sangauganize. Potuluka m'kanjira ka m'njedza, munthu amayang'ana kutsogolo, akusangalala ndi kukula kwa nyanja. Akatembenuka patapita ola limodzi, kumbuyo kuli khoma limodzi lobiriwira, lofanana kuyambira uku mpaka uko, ndipo pakamwa pa kanjira kaja sipaoneka. Akalowa kanjira kolakwika, njedza zimamutalikira kupyola mutu, phiri la Michesi limene akadalondola silioneka, mawu ake samveka patali. Zigamba zina za njedza zimayandama, ndipo mphepo imazisuntha n'kutseka pamene m'mawa panali potseguka. Kugona usiku m'menemo, ndi udzudzu wa ku Chilwa ndi kuzizira kwa Julayi, zovala zitanyowa, si nkhani yoseka nayo. Ndiponso bwato losema silifanana ndi ngalawa yachitsulo ija, imene munthu akhoza kuyendamo atanyamula kapu ya tiyi. Bwato limamva ngakhale munthu mmodzi akatembenuka kuti akande msana. Mwana wa msodzi anaphunzira kukhalamo asanayambe sukulu; ana athu a kumtunda amadziwa njinga.

Maganizo athu tsono ndi awa: bwerekani bwato pamodzi ndi munthu wake. Zonse zimene wobwereka wa ku England amazipeza m'malamulo, m'zikwangwani ndi m'mapepala a inshuwalansi, ife kuno timazipeza mwa munthu mmodzi amene waima kumbuyo kwa bwato ndi nsungwi yake yokankhira pansi. Iye ndiye adziwa kanjira kali kotseguka mwezi uno, ndiye amaona mtundu wa madzi ukusintha patali nati tibwerere. Ndalama yowonjezera imene mungamupatse ndi yaing'ono poiyerekeza ndi chimene mwanyamula. Ndipo chilakolako chogwira nkhafi chisafe ayi. Mupempheni kuti akuphunzitseni m'kanjira ka pafupi ndi doko, mmodzimmodzi, iye ali momwemo. Asodzi ambiri amakondwa mwana wa sukulu akawafunsa mwaulemu, pakuti si kawirikawiri ophunzira kuvomera kuti pali chimene sadziwa. Mudzaseka pamene bwato likungozungulira pamodzimodzi, ndipo mudzabwerako mukudziwa kuti kupalasa molunjika ndi luso.

Pali chifukwa chinanso, chimene makolo angachimvetse msanga kuposa ana. Bwato ndilo khasu la msodzi. Mitengo ikuluikulu yosemera mabwato inatha m'madera ambiri, matabwa ndi misomali zakwera mtengo, ndipo injini ndi chuma cha banja lonse. Tsiku limene bwato lili ndi alendo, matemba, makumba ndi milamba ya tsikulo yatsala m'madzi, choncho mtengo umene mwini atchula si umbombo nthawi zonse. Akulu anati nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka. Anyamata asanu akatenga bwato okha naliswa pa chitsa, kapena nalitaya m'njedza iwo n'kupulumuka ndi bwato lina, mlanduwo ufika pakhomo pa bambo amene sanadziwe n'komwe kuti mwana wake anapita kunyanja. Tamvapo mabanja akugulitsa mbuzi ndi njinga chifukwa cha masana amodzi. Koma mwini bwato akakhala momwemo akuyendetsa yekha, katundu wake ali m'manja mwake, ndipo mlandu wotere subuka.

Pangano lichitike pamtunda, ndalama isanatuluke m'thumba, pamaso pa mboni. Pa madoko a Chilwa pali makomiti a asodzi, amene ambiri amawatcha BVC. Anayamba kugwira ntchito kumeneko nyanja itaphwa mu 1995. Mtsogoleri wa gulu ayambe waonekera kwa a komitiyo kapena kwa mfumu ya pamalopo, anene kuti ndife ayani, tachokera kuti, tilipo angati. Iwo amadziwa bwato lodontha ndi lolimba, amadziwanso woyendetsa amene m'mawa umamupeza atalawa kale kachasu. Mugwirizane kumene mukupita, nthawi yobwerera, ndi mtengo wa ulendo wonse, kupita ndi kubwera komwe. Ngati ndi boti la injini, munene poyera amene agula petulo, ndipo muone ndi maso anu kuti m'thanki muli wokwanira ndi kuti nkhafi zilimo, pakuti injini ikazima pakati pa nyanja nkhafi ndiyo imakufikitsani kwanu. Perekani theka ponyamuka, theka pobwera. Lembani zonsezi pa kapepala ngakhale ka m'kope la sukulu. Ena adzati kulemba n'kusakhulupirirana, koma ife taona kuti pepala limasunga chibale kuposa chikumbumtima cha anthu awiri okwiya. Kenaka yang'anani bwatolo. Madzi pang'ono pansi ndi chizolowezi, koma ngati ming'alu yatsekedwa ndi nsanza ndi mapepala apulasitiki ndipo madzi akulowa mukuona, thokozani mwini wake, mufune lina. Chitini chokapira madzi chikhalemo, ndipo mmodzi apatsidwe ntchito imeneyo.

Tifike pa nkhani ya kuchuluka kwa anthu, imene yaliza dziko lino kangapo. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, yatsopano ndithu, inamira m'namondwe kumpoto kwa nyanja ya Malawi, anthu 145 nafa. Ngati mphepo inagonjetsa sitima yachitsulo, bwato lodzaza lingalimbe bwanji? Pa Pasaka wa 2017 boti lonyamula Akhristu ochokera ku mapemphero linagubuduzika kufupi ndi Mlowe m'boma la Rumphi, ena namira, ndipo malipoti a nthawiyo ananena kuti linanyamula kupyola muyeso. Tikunena zimenezi chifukwa maulendo a makwaya ndi a magulu a achinyamata ndiwo amagwa m'yeso limeneli kuposa ena onse. Ndalama yosonkha ndi yochepa, palibe afuna kutsala, mwini boti naye afuna ulendo umodzi m'malo mwa awiri, ndipo wina amati, "Tingothinana, si patali." Mtsogoleri amene alola zimenezi poopa kukhumudwitsa anzake wasenza mlandu umene sadzatha kuutula. Yang'anani mbali ya boti anthu onse atakhala pansi. Ngati milomo yake yayandikira madzi muli pa doko pabata, funde loyamba lidzalowa. Gawani gulu pawiri, ena adikire, ngakhale adandaule. Kuimba n'kwabwino, ndipo nyimbo imamveka mokoma pa madzi, koma kwaya iimbe chokhala. Kuvina ndi kuimirira kuti ujambulidwe pa foni zidikire kumtunda. Wina akaloza mbalame, onse asakhamukire mbali imodzi.

Majekete oyandamitsa ndi osowa pa madoko athu, tisanamizane. Funsanibe, pakuti eni maboti sadzawagula ngati okwera safunsa, ndipo mpingo kapena sukulu imene imakonza maulendo otere chaka ndi chaka ikhoza kugula angapo n'kumawasunga monga isungira mipira ndi mayunifolomu. Pamene palibiretu, zigubu zopanda kanthu za malita 5, zotsekedwa zolimba, ziwiriziwiri zomangidwa ndi chingwe chachifupi, zimathandiza munthu kuyandama atazikolekera m'khwapa. Sizilowa m'malo mwa jekete, koma ziposa manja opanda kanthu. Atsikana amasule zitenje zokulunga miyendo asanakwere, avale zimene angathe kuponda nazo madzi, ndipo amayi oyang'anira gulu anene zimenezi poyera, manyazi asalowepo. Nsapato zolemera zivulidwe. Ana aang'ono osatha kukhala phee, ndi khanda la kumsana, atsale kumtunda. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi pa dziko lonse, ambiri a iwo ana ndi achinyamata, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, Africa ndiye ali patsogolo. Tsiku lokumbutsana za ngozi imeneyi, 25 Julayi, limagwa pamene sukulu zathu zikutsekera.

Bwato likagubuduzika, lamulo ndi limodzi: gwirani bwatolo. Lamatabwa kapena losema kawirikawiri limayandamabe ngakhale litadzala madzi, ndipo asodzi amaona bwato patali kuposa mutu wa munthu. Ambiri amene amafa ndi amene amalisiya nayamba kusambira kulunjika ku njedza zooneka ngati zili pafupi. Ndipo inu anyamata odziwa kusambira m'madamu a njerwa, mverani: munthu womira ali ndi mphamvu zoopsa, amakwera pa aliyense womuyandikira. Mpatseni nkhafi, nsungwi, chingwe, chigubu kapena chitenje chopota kuti agwire, inu mutagwira bwato. Maliro a anthu awiri, womira ndi womupulumutsa, tawaona kokwanira m'mitsinje yathu ya Phalombe ndi Sombani nthawi ya dzinja.

Nyamukani m'mamawa, mubwere dzuwa lisanapendeke. Munthu mmodzi wamkulu atsale pa doko ali ndi maina a onse okwera ndi nambala ya foni ya woyendetsa, ndipo adziwe kuti nthawi yakuti ikakwana osatiwona, auze a komiti. Mafoni akulungidwe m'mapepala apulasitiki. Woyendetsa akayang'ana kumwamba nati lero ayi, musamukakamize ndi mawu akuti talipira kale galimoto. Mowa usakwere nawo, wa alendo ngakhale wa mwini bwato.

Madzi akumwa tengani kunyumba, okwanira tsiku lonse. Asodzi amene amakhala miyezi pa zimbowera, timisasa tija tomanga pa njedza zoyandama, amamwa ndi kudzithandiza m'madzi omwewo, ndipo kolera wabuka pa Chilwa kangapo. Mu 2016 a zaumoyo anachita kutengera katemera wakumwa kwa asodziwo komweko pa madzi, ndipo mliri wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, tonse tikuukumbukira. Nsomba yogula pa doko idyedwe yamoto, manja atasambidwa ndi sopo ndi madzi a m'chigubu chanu.

Tachulutsa machenjezo, ndipo wina angayese kuti tikuti musapite. Pitani ndithu. N'zomvetsa chisoni kuti mwana amabadwira ku Phalombe, namaliza Fomu 4, akudziwa mitsinje ya ku Ulaya pa mapu koma sanaonepo kumene matemba a m'mbale yake amachokera. Chigwa cha Chilwa chinalembedwa mu 1996 pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse wa pangano la Ramsar, choyamba m'Malawi muno, makamaka chifukwa cha mbalame zake, zina zimene zimauluka kuchokera ku Ulaya ndi ku Asia kuthawa chisanu. Azungu amalipira ndege kudzaona zimene ife tingazione pa mtengo wa nkhuku zingapo. Ukatuluka m'njedza m'mawa kunja kutayera, n'kutembenukira kumwera, phiri la Mulanje limaoneka lonse lathunthu litakhala pamwamba pa madzi, Michesi ali pambali pake, mwa mtundu umene munthu wokhala m'tsinde mwake sanaliwonepo. Kumpoto chakumadzulo kuli chilumba cha Chisi, kutsogolo kwake phiri la Zomba. Mukafika pa zimbowera, kumbukirani kuti ndi pakhomo pa anthu: odi kaye, moni, ndipo musajambule munthu musanamupemphe. Mwana amene waona m'mene msodzi amagonera pa njedza zonyowa sanyozanso ndiwo za matemba.

Kwa inu makolo, ngati mitima siikhazikika, njira yabwino ndiyo kupita nawo. Bambo kapena malume amene wakwera nawo bwato amamvedwa akanena kuti tibwerere, kuposa amene anatsala kunyumba atakwiya. Ndipo mukabwerako, nkhani siinathe. M'madzi odekha a m'mphepete mwa Chilwa ndi dziwe la Mpoto muli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pa khungu la munthu wongoyenda m'madzi pokwera ndi potsika bwato, ngakhale sanasambe. Matendawa saonekera tsiku lomwelo. Pamapita milungu ingapo, mwina miyezi. Anyamata ambiri amabisa akaona magazi m'mkodzo, ena chifukwa cha manyazi, ena chifukwa anamva kuti ndi chizindikiro cha kukula, chimene ndi bodza. Auzeni asanapite kuti akadzaona zotere anene, ndipo inu muwafunsenso sukulu zitatsegulira. Mankhwala ake, a praziquantel, amapezeka m'zipatala za boma, ndipo adokotala amapereka mlingo wake atayeza msinkhu kapena kulemera kwa mwanayo. Amwe atadya kaye.